Akochi, zoni ya 2-3 si mpando wopumirapo

Timu ya basketball ya koleji ikagonja kwa mdani wake wakalekale muno mu Blantyre, mkangano umayambira pa benchi n'kukathera m'minibasi, ndipo woyamba kutukwanidwa amakhala refu. Ulendo uno refu tisamusemere chinyau. Oyenera kuyankha ndi akochi, ndipo mlandu wawo ndi katchingidwe. Ndemanga iyi ikuona ntchito imene akochi akugwirira anyamatawa, chifukwa uphunzitsi nawo ndi ntchito, ndipo ophunzira amailipira ndi nthawi imene akanakhala ku laibulale.

Zabwino zilipo. Anyamata ali ndi mpweya, kota yachinayi anali akuthamangabe. Akalanda mpira amafika kutsogolo msanga, ndipo pa benchi palibe wolongolola. Izi sizibwera zokha, akochi anazigwirira ntchito.

Vuto ndi zoni ya 2-3, katchingidwe koti aliyense amasunga malo osati munthu, awiri kutsogolo atatu kumbuyo, imene timuyi yakhala ikudalira. Chimene makochi akuno amaikondera n'chodziwika. Mabwalo ambiri ndi apanja, a simenti, ndipo kukakhala mphepo kapena chiperoni, woponya ali pa mzere wa mapointi atatu, mamita 6.75 kuchokera pa ringi, amangotaya mpira. Komanso malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, mosiyana ndi a NBA, ligi ya ku America, saletsa wotchinga kuima pansi pa ringi kupitirira masekondi atatu, ndiye wamtali wanu mutha kumudzala pamenepo ngati mtengo. Timu zopanda woponyera patali zimafera pomwepo. Koma mdani amene mumakumana naye chaka ndi chaka amakudziwani mpaka kuchipinda, ndipo tsiku lopanda mphepo amabwera atawerenga kale mabowo anu.

Bowo loyamba linali pa mzere wa free throw, poponyera wochitidwa faulo popanda womutchinga, mamita 5.8 kuchokera ku mzere wa kumapeto. Awiri akutsogolo ankatuluka kwambiri kukakumana ndi mpira, atatu akumbuyo ataima phee pafupi ndi ringi, pakati pawo n'kutsala malo oti munthu n'kuyala mphasa. Adani anaikapo mnyamata wodziwa kupatsira. Akalandira mpira n'kutembenuka, wamtali wa pakati ankazengereza, phazi limodzi kutsogolo lina kumbuyo, maso kwa akochi. Akatuluka, mpira unkadutsa pamwamba pake kupita kwa wina wozembera ku mzere wa kumapeto. Akakhala, mnyamata uja ankaponya mosatekeseka. Lamulo lake ndi losavuta ndipo liyenera kuphunzitsidwa sabata yoyamba: mpira ukafika pamenepo, wapakati atuluke osaganiza kawiri, awiri a m'mbali alowe nthawi yomweyo m'kati mwa kiyi, malo ojambulidwa a pakati pa mzerewo ndi mzere wa kumapeto, kutseka kumbuyo kwake, awiri akutsogolo abwerere kukayang'anira oponya a m'mapiko. Anyamata asanu osiyanasiyana akalakwitsa chinthu chimodzimodzi, ndiye kuti sanauzidwe.

Ena amati zoni ndi ya timu zaulesi. Ayi. Kochi wa ku America Jim Boeheim anaigwiritsa ntchito zaka zambirimbiri ku yunivesite ya Syracuse mpaka kutenga nayo chikho cha NCAA, cha makoleji a kumeneko, mu 2003. Koma zoni yake inali ya anyamata a mikono italiitali, manja ali m'mwamba, onse asanu akusuntha mpira ukadali m'malere. Imene tinaonayi inkasuntha mpira utafika kale m'manja mwa munthu, manja ali m'chiuno.

Ku kona ndiye kunali phwando. Kumeneko mzere wa mapointi atatu uli pafupiko, mamita 6.60, ndipo oponya ambiri ndi kumene amakonda. Mpira ukafika ku phiko, wa m'mbali wakumbuyo amayenera kutuluka pang'ono kuti auchedwetse, mnzake wakutsogolo akafika iye abwerere kukasunga kona. Kusinthana kumeneku kumafuna pakamwa: wina akuwe kuti "ndafika, bwerera!" Pabwalo panali zii. Anthu awiri ankatsala pa munthu m'modzi, woponya ali yekha ku kona akupukuta manja pa kabudula. Pomuthamangira mochedwa, ankangomuwulukira thupi lonse, ndipo faulo pa woponya wa mapointi atatu akaphonya ndi ma free throw atatu. Kafikidwe koyenera ndi kothamanga magawo awiri mwa atatu a mtundawo, kenako timasitepe tating'onoting'ono, matako pansi, dzanja limodzi m'mwamba. Ukatero woponya sakuona bwino ringi, komanso sangakudutse ndi dribo imodzi.

Maribaundi, kulimbirana mpira wophonyedwa, nawo anawapha. Pa zoni palibe amene ali ndi munthu wakewake, ndiye mpira ukaponyedwa aliyense amayenera kupeza thupi lapafupi, kulipatsa msana, kenako n'kuyang'ana m'mwamba. Anyamatawa ankayamba ndi kuyang'ana m'mwamba. Mipira yambiri yophonyedwa kuchokera m'mbali imagwera mbali inayo, ndipo n'kumene adani ankalowera opanda womukhudza. Pa malamulo a FIBA, timu yoponya ikatolanso mpira wogunda ringi imapatsidwa masekondi 14 atsopano. Mwatchinga bwino pafupifupi masekondi onse 24 amene timu imapatsidwa kuti iponye, mukuyambiranso miyendo italema. Zikachitika kangapo mitima imagwa.

Akochi atasintha n'kuuza aliyense kuti agwire munthu wake, madzi anali atafika kale m'khosi, ndipo zinaonekeratu kuti zimenezi samazikonzekera. Adani anangoyamba kuika sikirini pamwamba pa kiyi, wina kuima panjira ya wotchinga kuti mnzake wa mpira amasuke. Pa sikirini timu imayenera kukhala ndi yankho limodzi lodziwika kwa onse: kusinthana anthu, kapena wamtali atuluke kukaopseza wa mpira n'kubwerera, kapena atsalire m'mbuyo kuteteza ringi mnzake n'kudutsa pamwamba pa sikiriniyo. Lililonse mwa atatuwa likanathandiza. Apa onse awiri ankatsata wa mpira, woika sikirini uja n'kutsetsereka yekha mpaka pa ringi. Otsalira ankangokoka jezi. Timu ikakwanitsa mafaulo anayi mu kota, faulo iliyonse yotsatira ya otchinga imapereka ma free throw awiri, ndipo wosewera akafika asanu watuluka. Wamtali uja anathera pa benchi nthawi imene ankafunika kwambiri.

Za ma time-out, kuimitsa masewero kuti akochi ayankhule ndi timu, sitinganamizire mwana aliyense, chifukwa pa FIBA wosewera saloledwa kupempha. Amapempha ndi akochi kapena wachiwiri wawo, kudzera pa tebulo. Ma time-out alipo awiri m'chigawo choyamba (makota awiri oyamba), atatu m'chachiwiri, aliyense wa mphindi imodzi, ndipo a chigawo choyamba mukapanda kuwagwiritsa ntchito apita, sasungika ngati chimanga cha m'nkhokwe. Adani ataponya motsatizana kuchokera pa kona imodzimodzi, akochi anangopinda manja. Atapempha mochedwa, mphindi yonse inathera m'kukalipa kuti "limbikirani!" Mphindi imeneyo imakwana mfundo ziwiri zokha: ndani akutuluka pa mzere wa free throw, ndani akusunga kona.

Njira zinalipo ngakhale osaitaya zoni. Woponya woopsa anali m'modzi, ndiye box-and-one ikanakwana: anayi aime ngati bokosi mozungulira kiyi, wachisanu amumatire woponyayo kulikonse, asalandire mpira mwaufulu. Kapena 3-2, kuti mapiko atsekeke, ngakhale iyonso imafuna kuti akumbuyo awiri azithamangira m'makona.

Kodi akochiwa achotsedwe? Ayi, koma koleji iwapezere wachiwiri woona za katchingidwe, ndipo ndondomeko ya thireningi isinthe. Ngati amakumana maola awiri, mphindi 40 zipite ku difensi. Mphindi 15 za shell drill, anayi kwa anayi: oponya aima kunja kwa mzere akupatsirana, otchinga akusuntha mpira uli m'malere, wapafupi ndi mpira akutseka njira, wakutali phazi lili mu kiyi, ndipo amene sakuyankhula abwereze. Mphindi 10 za kafikidwe pa woponya, mphindi 10 za kupatsa msana pomwe otchinga sachoka mpaka atatola maribaundi atatu motsatizana, ndi mphindi 5 za sikirini ndi yankho limodzi lomwe lija. Zoni iyesedwe polimbana ndi anthu asanu ndi m'modzi, m'modzi ataima pa mzere wa free throw, kuti mabowo aonekere ku thireningi. Pa masewero obwereza, wina wa pa benchi akwere pamalo okwera ndi foni ajambule bwalo lonse, osati kutsata mpira, kuti Lolemba aliyense adzione pamene anaima mpira uli ku kona.