Manda Hill kapena Cairo Road?

Lusaka ili ndi njira ziwiri zokulira. Yoyamba ndi ya Manda Hill, yomwe inatsegulidwa mu 1999: masitolo akuluakulu m'mbali mwa Great East Road, poimika magalimoto kutsogolo. Ndi paukhondo ndithu, koma wopanda galimoto amawoloka msewu mtima uli m'mwamba.

Yachiwiri ndi kukonzanso Cairo Road, msewu waukulu wa pakati pa tauni: masitolo pansi, nyumba zogona pamwamba, tinjira ta oyenda pansi totakasuka, ngalande zosasefukira m'dzinja, ndiponso malo okhazikika a ogulitsa m'misewu. Masiku ano m'tauni mumati zii dzuwa likangolowa, aliyense akuthamangira minibasi ku siteshoni ya Kulima Tower. Anthu atamagona momwemo, malonda sangathe msanga chotere.

Ine ndili ku yachiwiriyi, ngakhale idzadya zaka zambiri ndipo idzafuna khonsolo yolimba mtima pa nkhani ya malo.