Kusechedwa pa bwalo la ndege ndili ndi apongozi: nyenyezi zitatu basi

Ndapereka nyenyezi zitatu pa zisanu, ndipo yachitatuyo ndi ya mtsikana mmodzi wa yunifomu yemwe ndimutchule kutsogoloku, kupanda iyeyo zikanakhala ziwiri.

Mwezi wathawu ndinaperekeza apongozi anga aakazi kukaonetsa maso kwa dokotala kumwera uko, ng'ala inali itawavuta zedi. Mayi a kunyumba sakanapita poti ali ndi khanda, ndiye ntchito inagwera ine mkamwini. Tinadzuka tambala asanalire kuno ku Ulongwe ku Mozambique, shapa (minibasi) mpaka ku Tete, kenako bwalo la ndege la Chingozi. Kupita ndi kubwera tinadutsa pa mabwalo a ndege atatu, ndipo sinditchula kuti chakuti chinachitikira pa bwalo liti, sindikufuna mwana wa munthu achotsedwe ntchito chifukwa cha ine. Yomwe ndikuyesa pano ndi sekyulite yeniyeniyo, mmene amatigwirira ife okwera.

Zabwino zilipo ndithu. Bisha, mzere wa anthu uja, imayenda, sitinaimepo kupitirira theka la ola paliponse. Komanso palibe amene anatipempha ya refresiko (kachiphuphu), ine munthu wozolowera ma rodibuloko a mumsewu mtima unali phaa kudikira kuti wina andikokera pambali, koma ayi, BI (chiphaso cha unzika), tikiti, dutsani. Mashini aja oika zikwama amaonadi, sizongoopseza. Apongozi anali ndi kampeni kawo kakale kamene amasendera mbatata ya kachewere, chigwiriro chake anachita kumanga ndi mphira, anakaika pansi penipeni pa chikwama mkati mwa nsalu, ine osadziwa. Chikwama chitangolowa mu mashini lamba uja anaima, mnyamata wa pa kompyuta nkuloza, kampeni kaja katuluka. Anatiuza mwaulemu kuti kakanayenera kulowa mu katundu wamkulu, koma katunduyo anali atapita kale, basi kanatsala pompo. Apongozi anadandaula kuti kampeniko kakalamba nawo limodzi, ine pamenepa sindinatsutse chilichonse. Pa 11 September 2001 anthu 19 analanda ndege zinayi ku America ndi timipeni tating'ono ngati kameneka, panafa anthu pafupifupi 3,000, ndiye ukamva kuti mpeni sulowa mu ndege palibe chokanganira.

Ndipo ukafufuza, lamulo lililonse la pamenepaja lili ndi mwini wake amene analiyambitsa. Zovula nsapato zinabwera chifukwa cha Richard Reid, amene mu December 2001 anabisa bomba mu nsapato pa ndege yochoka ku Paris kupita ku Miami, anzake okwera nkumugwira akulimbana ndi machesi. Za madzi zija zoti asapose 100 ml zinayamba mu 2006 apolisi a ku Britain atagwira gulu lofuna kulowetsa mabomba amadzimadzi m'mabotolo a zakumwa. Mashini oona thupi lonse anachuluka mnyamata wina wa ku Nigeria atabisa bomba mu kabudula wamkati pa Khirisimasi ya 2009, ndege ya Amsterdam kupita ku Detroit. Mwaona eti? Mpanda ukumangidwa mbuzi zitalowa kale m'dimba, ndipo ukumangidwa pokhapo pamene zinalowera.

Za madzizi zinandinyansa pang'ono. Botolo lomwelo pa bwalo lina linadutsa bwinobwino, pa lina akuti tayani kapena imwani pompano. Amene amaudziwa mzinda wa Tete akudziwa kuti munthu suyenda wopanda madzi, dzuwa lake lija la madigiri 40 silisewera, ndiye thupi linazolowera kugwira botolo. Ukalowa mkati madzi omwewo akugulitsa mtengo wa mabotolo atatu a panja. Ngati ndi lamulo likhale lamulo paliponse, osati kutengera kuti lero waima pa mashini ndani.

Koma izi nzazing'ono. Chomwe chinandichotsetsa nyenyezi ndi ichi.

Pa bwalo lina apongozi anadutsa pa kachitseko kaja kolira, kanalira. Abwerere, adutsenso, kalira. Kunali ndalama zachitsulo, mametikali angapo omwe anamanga pa nsonga ya chitenje monga amachitira amayi athu onse, ine ndinaiwala kuwauza. Mayi wa sekyulite anabwera, pamenepo anachita bwino kuti wamkazi agwire wamkazi mnzake, koma anayamba kuwapapasa pomwepo pa bisha, anthu ali ndandanda kumbuyo, azungu a ku migodi ya malasha ndi malaputopu awo, ana, aliyense maso pa apongozi. Manja atafika m'chiuno anaima. Anapapasanso. Kenako nkufunsa mokweza m'Chipwitikizi kuti ichi nchiyani. Apongozi Chipwitikizi samva, sukulu yawo inali khasu, anangoti duu manja ali m'mwamba ngati wogwidwa ndi nkhuku yakuba. Mayi uja nkutembenukira kwa ine: afunseni, avala chiyani m'chiunomu?

Abale anga. Ine mkamwini, amene sindinadyepo mbale imodzi ndi mayi amenewa, tikakumana pa njira wina amapatuka, kulankhulana kwake nkoyang'ana kumbali, lero ndiwafunse za mikanda ya m'chiuno? Mikanda imene ngakhale ana awo aamuna sanaionepo? Ndinamva thukuta likutsika pa msana. Ndinayang'ana matailosi nkunena kuti, "Amayi, pepani, akuti... akuti pali chinthu chimene akufuna adziwe." Iwo anamva kalekale chimene chikufunsidwa, sanayankhe, anangotseka maso awo odwalawo. Mayi wa sekyulite poona kuti yankho palibe anayamba kukweza bulauzi m'mphepete kuti aone yekha.

Apa mpamene panatulukira mtsikana uja. Anali pa mashini a zikwama, anasiya thileyi nkubwera changu, anamunong'oneza mnzakeyo mawu awiri, kenako nkuwerama pang'ono kuwauza apongozi m'chilankhulo chathu, kalankhulidwe kake kanamveka ngati ka ku Niassa: "Agogo musaope, tiyeni kuno tikhale awiri." Anawagwira dzanja nkulowa nawo kachipinda kena kapambali, mphindi ziwiri atuluka, apongozi atamanga bwino chitenje, makobidi aja ali m'manja. Ndiye kuti kachipindako kanalipo nthawi yonseyi! Chitseko chake chili apo, masitepe asanu. Bwanji osayambira kumeneko? Bwanji palibe chikwangwani, kapena munthu wongonena kuti amene akufuna kusechedwa poduka mphepo anene? Amene amayenda pa ndege mwezi ndi mwezi amadziwa kuti angathe kupempha, koma gogo wa ku Angonia wokwera koyamba adziwa bwanji, iye akaona yunifomu amangodziwa kuti boma lalankhula.

Mu ndege tinakhala moyandikana maola awiri osalankhulana. Ine ndiye mutu unali pa funso limodzi, kuti manyazi onsewa agula chiyani?

Sindikunena kuti kusecha nkopanda ntchito, kampeni kaja anakaona. Koma tisanamizane kuti ndi khoma losabooka. Ku America komwe kuli mashini odula kuposa athu, mu 2015 zinamveka kuti anthu a boma lomwelo anayesa kudutsa ndi zida ndi mabomba abodza maulendo 70, anadutsa maulendo 67 osagwidwa. Ku Mogadishu mu February 2016 bomba linaphulika mu ndege ya Daallo nkuboola chibowo m'mbali, linali mu laputopu, ndipo makamera anaonetsa kuti laputopuyo wokwerayo anachita kupatsidwa ndi anthu ogwira ntchito pa bwalo pomwepo. Mwayi wake anafa ndi mwini bomba yekha. Nanga yathu ija, imene ambiri sitinaiiwale? Pa 29 November 2013 ndege ya LAM, kampani ya dziko lathu la Mozambique, yochoka ku Maputo kupita ku Luanda inagwa ku Namibia, anthu onse 33 anatha. Ofufuza anapeza kuti woyendetsa wamkulu anadzitsekera yekha m'chipinda choyendetsera ndege mnzake atatuluka, nkuitsitsa dala. Chitseko cholimba chimene chinakanika kutseguka tsiku limenelo ndi chomwe chija anachikhwimitsa pambuyo pa 2001 kuti zigawenga zisalowe. Okwera onse aja anali atasechedwa, malamba anavula, mafoni anaika m'thileyi.

Ndiye ukaona choncho umayamba kuganiza kuti mbali ina ya kusechaku ndi yotiteteza, mbali ina ndi yongoti tione kuti akugwira ntchito mitima ikhale pansi. Ngakhale eni ake amasintha maganizo, ku America komweko mu July 2025 analeka zokakamiza anthu kuvula nsapato patatha zaka pafupifupi 20 anthu akuyenda ndi masokosi obooka pa bwalo la ndege kkkk. Ndiye lamulo lomwe dzulo linali la moyo ndi imfa lero latha, koma pa nthawi yake ukanayerekeza kufunsa chifukwa chake ndege ikanakusiya.

Icho nchimene chimandiwawa kwambiri, kusafunsa. Pamalo paja munthu umasanduka mwana. Vula lamba, uvula. Tsegula chikwama, utsegula, kabudula wamkati ndi mankhwala ako a shuga zili poyera. Ukati ufunse, mtima umakuuza kuti tikiti iyi yadya ndalama ya matumba angati a chimanga, khala chete. Ife a kuno tinazolowera kale zoimitsidwa, kuchoka ku Ulongwe kufika pa mlatho wa Zambezi umatulutsa BI kangapo, pa malire a Zóbuè kapena Calómuè ndiye osanena, mwina nchifukwa chake sitidandaula. Koma kuzolowera sikutanthauza kuti thupi la mayi wa zaka 70 lasanduka chikwama choti aliyense apisemo dzanja pagulu.

Kwa amene mukuperekeza makolo ulendo woyamba, chitani zomwe ine sindinachite. Auzeni mayi a kunyumba kapena mlongo wanu akhale nawo pansi usiku wake, awamasulire zonse, makobidi a pa chitenje, mapini, zibangili, kampeni, ndi zinazo zomwe mkamwini sangatchule. Mipeni ndi malezala mu katundu wamkulu, pawa banki ndiye mu chikwama cha m'manja, mankhwala akhale ndi pepala la kuchipatala. Kachitseko kakalira musadikire kuti wina akuchitireni chifundo, nenani nokha msanga kuti mukufuna poduka mphepo. Ndipo akuluakulu a mabwalowa, ngati mungathe kugula mashini a mamiliyoni simungalephere kuika pa shifiti iliyonse munthu mmodzi womva zilankhulo za anthu a kumudzi, Chinyanja, Chinyungwe, Chisena, malinga ndi dera.

Maso anawachita opaleshoni bwinobwino, diso limodzi likuona tsopano, lina akuti tibwerenso. Titafika kunyumba nkhani ya mikanda sinatuluke pakamwa pa aliyense, ine sindinawauze ngakhale mayi a kunyumba, anaimva kwa mayi awo patapita sabata, anaseka mpaka khanda kudzuka, kenako anakwiya. Dzana ndinatuma mwana kukawasiyira kampeni katsopano komwe ndinagula pa msika. Mwanayo anabwera ndi uthenga: akuti zikomo bambo, koma ulendo wa diso linalo muwafunire basi, ngakhale itenge masiku awiri.