Snowmobile yanga patatha miyezi 18, komanso nkhani ya chasisi yatsopano yomwe yavuta kunoyi

Sabata yatha ndaikweza pa sitandi mu galaja, ndathira mankhwala osungira petulo mu thanki, batire ndachotsa, ndaifunditsa lona, ndiye basi sizoni yatha mpaka Disembala. Apa mpamene ndapeza mpata woyankha anzanga amene akhala akundifunsa kuti aise chinthu chako chija chikuyenda bwanji, ndipo kodi munthu agule pompano kapena adikire zatsopano zomwe zikumveka kuti zikubwerazi.

Kwa amene simunaionepo, ine ndimakhala kumpoto kwa Ontario ku Canada, chakufupi ndi Sudbury, ndipo snowmobile ndi ngati njinga yamoto yoyenda pa sinoo, kutsogolo ili ndi ma ski awiri, tizinthu tatitali totsetsereka pa sinoo, m'malo mwa tayala, kumbuyo chilamba chachikulu cha labala chokhala ndi mano chomwe amati track. Anthu kuno amangoti sled. Yanga ndi Ski-Doo Renegade ya 2019, injini Rotax 600R E-TEC, track ya mainchesi 137, chasisi yake, kutanthauza chimango chomwe zonse zimamangidwapo, amaitchula REV Gen4. Ndinagula kwa munthu mu Novembala 2023 itayendako kale, moti pano mu Meyi 2025 yakwanitsa miyezi 18 ili m'manja mwanga.

Sizoni yoyamba inandipweteka mtima, osanama. Dzinja la 2023 kulowa 2024 sinoo anagwa wochepa zedi, ma trail ambiri a OFSC, bungwe lomwe limayang'anira misewu ya ma sled yokwana makilomita pafupifupi 30,000 mu Ontario muno, anangokhala otseka masabata ndi masabata, pemiti ndinali nditalipira kale, inshuwalansi nayo, koma sizoni yonse ndinayenda makilomita osafika 500. Komabe mu sizoni yoipayo ndi mmene ndinaphunzira chinthu chomwe chasintha mmene ndimaonera nkhani yonse ya chasisi. Ma sled ambiri oyenda m'ma trail alibe ladiyeta ndi fani ngati galimoto ayi, madzi oziziritsa injini amadutsa m'timapaipi ta aluminiyamu tomwe tili kunsi kwa tunnel, chibokosi chachitali chija pomwe pamakhala mpando, ndiye track ikamazungulira imaponyera sinoo pamenepo n'kumaziziritsa. Tsopano msewu ukakhala wouma gwa, madzi oundana okhaokha opanda sinoo wofewa, palibe choponyera, tempulicha imangokwera uku ukuona pa geji. Ndipo si injini yokha, timapulasitiki tija track imatsetserekapo, ma hyfax, natonso timafuna sinoo kuti tisatenthe, tikauma umayamba kumva fungo la pulasitiki yopsa kumbuyo kwako. Izi n'za ma sled a kampani iliyonse, ndi mmene amapangidwira basi. Ine ndinaikitsa ma scratcher, tizitsulo tiwiri tokanda pansi kuti tizidzutsa sinoo, zinthu zinasintha ndithu, koma mpaka lero ndikafika pamalo pouma diso limakhala pa geji.

Sizoni yachiwiri sinoo anabwera bwino, ndayenda makilomita 2,600 ndi kaphindu, ndipo mpamene ndinaidziwa sled imeneyi kuti ndi yotani. Injini sindiyankhulapo zambiri chifukwa palibe chodandaula, imalira ngakhale kutazizira mpaka 30 kunsi kwa ziro, utsi ndi wochepa kuyerekeza ndi ma two-stroke akale aja, injini zotentha oyilo pamodzi ndi petulo, thanki ya malita 36 imandipitiritsa makilomita 200 ndikamayenda modekha. Mphamvu zake ndi ma horsepower 125, ena amati ndi zochepa ugule ya injini ya 850 yomwe ili ndi 165, koma abale lamulo la Ontario pa trail ndi makilomita 50 pa ola, nanga mphamvu zonsezo ndizipita nazo kuti? Zomwe ndasintha ndi zotha zokha basi, lamba wa klatchi kamodzi, ma hyfax kamodzi, tizitsulo takunsi kwa ma ski tomwe amati ma carbide, oyilo wa mu chaincase, kabokosi ka tcheni choyendetsa track, ndi galasi lakutsogolo ndinaika lalitali chifukwa mphepo ya Januwale pachifuwa ine sindiipirira.

Chomwe chimandisangalatsa tsiku lililonse ndikakwera ndi kakhalidwe kake. Mnzanga wina wakuntchito ali ndi sled yakale ya m'ma 1990, tsiku lina tinasinthana kwa ola limodzi, eee ndinamvetsa chifukwa chake anthu akuluakulu kuno amayankhula za chaka cha 2003 ngati chaka chomwe zinthu zinatembenuka. Pa yakaleyo umakhala kumbuyo pansi, miyendo yatambasuka kutsogolo, bampu iliyonse imalowa mumsana mwachindunji ndipo kuimirira n'kovuta. Mu 2003 Ski-Doo inatulutsa chasisi ya REV, anamusunthira wokwera kutsogolo n'kumukweza, maondo opindika, mapazi kunsi kwa thupi, thupi pakatikati pa sled pomwe sipadumpha kwambiri, ndipo makampani ena onse anatsatira njira yomweyo. Amene munayendetsapo njinga yamoto pamsewu wafumbi wa mabampu mukudziwa, umadzuka pang'ono pampando miyendo n'kumagwira ntchito ya mashoko, ndi zomwezo. Gen4 yangayi ndi yopyapyala kutsogolo, pokhota ndimatha kutulutsa bondo n'kupendekera mkati popanda chonditchinga, ndipo sasipenshoni yakumbuyo ya rMotion imameza mabampu a madzulo aja, pamene ma sled mahandiredi adutsa trail yasanduka mizere ngati munda. Makilomita 250 tsiku limodzi ndimafika kunyumba msana uli bwinobwino.

Koma kulemera. Apa ndiye ndiime kaye. Mu Febuluwale ndinapatuka pa trail kuti nditembenuke, osadziwa kuti pambalipo sinoo ndi wofika m'chiuno, track inakumba dzenje sled n'kukhala pamimba. Ndinali ndekha, dzuwa likulowa, kuzizira 28 kunsi kwa ziro, ndinakumba ndi kafosholo pafupifupi ola lathunthu, kupondaponda sinoo kutsogolo, kunyamula kumbuyo kusunthira pambali pang'onopang'ono, thukuta kutuluka mkati mwa suti kenako n'kuyamba kuzizira pathupi, zomwe ndi zoopsa kwambiri kuno. Sled ngati iyi imapitirira makilogalamu 200 isanathiridwe petulo, ndipo za injini ya four-stroke, yonga ya galimoto, zimalemera kuposa apa. Kuchokera tsiku limenelo sindiyendanso ndekha kutali, komanso munthu akandiuza za modelo yatsopano funso langa loyamba limakhala loti ikulemera bwanji, za sikirini ndi ma horsepower pambuyo.

Ndiye tibwere ku nkhani yomwe yadzaza m'malesitilanti a m'mbali mwa trail, pomwe anthu amavula zipewa n'kukhala pa khofi kumakangana kuti ndani atulutse chasisi yatsopano choyamba. Anthu amawerenga zaka. Ski-Doo inatulutsa REV mu 2003, XP mu 2008, XS ndi XM mu 2013, Gen4 mu 2017, Gen5 mu 2023. Kampani ya Polaris ya ku Roseau, Minnesota, ku America, inabwera ndi Pro-Ride mu 2010, AXYS mu 2015, Matryx mu 2021. Ukaona chonchi ndi zaka zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi pakati, ndiye ambiri akuti Polaris ndi imene ili pafupi, mwina 2027, ndipo Gen6 ya Ski-Doo chakuma 2028 kapena 2029. Masamuwo ndi omveka, koma ine ndikuganiza kuti zichedwerapo. Chasisi yatsopano imadya ndalama zambiri, zikombole zatsopano, mayeso a zaka, ndipo msika panopa wadwala. Pambuyo pa dzinja lopanda sinoo lija ma sled atsopano anangodzaza m'mashopu osagulidwa. Yamaha inalengeza mu 2023 kuti modelo ya 2025 ndi yomaliza, yatuluka mu bizinesi ya ma sled yomwe inayamba mu 1968. Kampani ina ya ma sled, Arctic Cat, nayo kumapeto kwa 2024 eni ake a Textron anati akuimitsa kupanga ku Thief River Falls, anthu tinayesa yapita, mpaka mu Epulo 2025 muno pamene gulu lotsogozedwa ndi Brad Darling, yemwe anagwirapo ntchito ku Arctic Cat komweko, linaigula. Mumsika wotere kampani imayamba yagulitsa zomwe zili m'nyumba.

Chokhudza mtima n'chakuti mwa onsewa amene anabweretsa maganizo atsopano posachedwa ndi Arctic Cat yomweyo, ndi chasisi ya Catalyst yomwe inatuluka mu 2024 ndi injini ya 600, kenako 858 mu 2025. Anasonkhanitsa zolemera zonse pakati, anachepetsa zipangizo, ndipo m'malo mwa tcheni chosambira mu oyilo anaika lamba woyendetsa track. Ndinakwerako ZR 600 ya munthu wina wa mu kalabu yathu kwa mphindi 20 zokha, nthawi yochepa yoti n'kuweruza, koma kupepuka kwake ndinakumva pakona yoyamba, ukapendeka imabwera nawe osalimbana. Kulosera kwanga n'koti chasisi zikubwerazi zitsatira njira imeneyi, zolemera pakati ndi pansi, lamba m'malo mwa tcheni ngakhale pa ma sled a pa trail, poti Polaris inayamba kale kuika lamba pa ma sled ake a kumapiri otchedwa RMK mu 2013. Ndikuonanso kuti mashoko odzisintha okha ndi kompyuta, monga Smart-Shox ya Ski-Doo ndi Dynamix ya Polaris, atsikira ku ma sled apakati, ndipo masikirini azingokula, Gen5 ili kale ndi ya mainchesi 10.25. Izi zamagetsizi zimakweza mtengo, ndipo zikafa mkati mwa nkhalango sungakonze ndi sipanala, n'chifukwa chake ine sizindikoka kwenikweni.

Za ma sled a batire anthu amafunsa kwambiri. Alipo, Ski-Doo inatulutsa Grand Touring Electric mu 2024, imayenda makilomita pafupifupi 50 pa tchaji imodzi, ndipo kampani ya Taiga ya ku Montreal inayamba kale kupanga zake ngakhale mu 2024 inalowa m'mavuto a ngongole. Kwa malo ochitira holide komwe alendo amazungulira ola limodzi n'kubwerera ndi zabwino zedi, phokoso palibe, utsi palibe. Koma kuno kumpoto komwe pakati pa filing'i siteshoni ndi inzake pamatha kukhala makilomita 100, ndipo kuzizira kumadya batire, sindikuona ikulowa m'malo mwa petulo mu chasisi ikubwerayi. Mwina mu chasisi yobwera pambuyo pake.

Mukandifunsa zomwe ndikufuna mainjiniya a Ski-Doo ku Valcourt, a Polaris ku Roseau, a Arctic Cat ku Thief River Falls ndi a ma sled a Lynx ku Rovaniemi ku Finland aganizire, ndi zija ndaona ndi maso anga. Dzinja likusintha, masiku a msewu wouma akuchuluka, ndiye chasisi ya mawa ikhale yotha kuziziritsa injini popanda kudalira sinoo wofewa yekha, kaya kaladiyeta kakang'ono ndi fani monga zilili pa ma sled ena antchito, kaya ma scratcher obwera nawo kuchokera ku fakitale pa sled iliyonse osati kugula padera. Achotseko makilogalamu 15 kapena 20 kuti munthu mmodzi azitha kuitulutsa ikatitimira. Ndipo zinthu zosintha pafupipafupi, lamba, mapulagi, batire, zizifikika ndi manja ozizira popanda kumasula theka la sled, chifukwa sled siifera mu galaja mofunda, imafera panja mphepo ikuwomba. Chomaliza ndi mtengo, achinyamata ambiri amene ndimagwira nawo ntchito amaikonda nkhaniyi koma yatsopano sangaifike, ndipo ma trail amakonzedwa ndi ndalama za mapemiti ndi anthu ongodzipereka a m'makalabu, okwera akachepa ma trail nawonso atha.

Tsono kwa iwe mnzanga amene unandifunsa kuti udikire kapena ayi, ine ndikuti usadikire. Chasisi ikangotuluka kumene anthu odziwa kuno amaisiya chaka chimodzi kapena ziwiri kuti tizolakwika toyamba tikonzedwe, ndiye ukawerengera ukhala ukudikira mpaka 2030 uli pawindo kuonerera anzako. Peza Gen4, AXYS kapena Matryx yoyendako pang'ono, nthawi yabwino yogula ndi ino ya Meyi mpaka Ogasiti pamene eni ake akufuna malo mu galaja, upite ndi munthu wodziwa ayeze kompuresheni, aone track ngati mano sanathothoke, ayang'ane kunsi kwa tunnel ndi mikono yakutsogolo yogwira ma ski ngati sizinapindike, chifukwa sled yogundapo mwala imaoneka bwino pamwamba koma imakokera mbali imodzi. Ndalama yotsalayo ugulire suti yabwino, magolovesi, ndi chipewa cha galasi lotenthetsa ndi magetsi, chifukwa galasi likachita nthunzi n'kuundana suona chilichonse. Ndipo panyanja youndana usadutse pomwe palibe zikhomo za kalabu, chaka chilichonse timamva za anthu omira.

Yanga sindigulitsa chaka chino. Mu Okutobala ndisintha mabeyaring'i a timawilo ta mu track, mashoko akutsogolo ndipereka akawathire oyilo watsopano, ndipo sinoo akagwa bwino tapangana ndi anzanga atatu kuti mu Febuluwale tiikweze pa ngolo tikayende ma trail a ku Quebec, tikafike mpaka ku Valcourt komwe Joseph-Armand Bombardier anatulutsira Ski-Doo yoyamba mu 1959, ndikufuna ndikaione ku myuziyamu kuja ndi maso anga.