Shopu ya mathanki a maboti ku Makata: kuwotcherera amadziwa, koma mapaipi muwayang'anire nokha

Mu Blantyre mulibe nyanja, komabe eni maboti a ku Mangochi, Liwonde ndi Chikwawa amakokera maboti awo kuno chifukwa aluminiyamu, gasi wa argon ndi amisiri owotcherera pa TIG (njira yowotcherera ndi magetsi ndi gasi wa argonyo) amapezeka mosavuta mumzinda muno. Shopu yomwe tikuiwunikayi ndi yaing'ono, ili kudera la mafakitale ku Makata. Ntchito yomwe tinaitsatira inali yochotsa thanki yakale ya petulo m'boti la faiba la mamita 6 ndi kuikamo yatsopano ya malita 150. Thanki tikuiyamikira ndi mtima wonse. Pa kaikidwe kake m'botimo pali zina zoti mwini aimirirepo yekha.

Tiyambe ndi chimene chimapha mathanki akalewa. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga. Ethanol amakoka chinyezi. Boti likakhala miyezi osayenda, madzi ndi ethanol zimalekana ndi petulo n'kukhazikika pansi pa thanki, ndipo m'pamene chitsulo chimayamba kudyeka kuchokera m'kati. Ngati thanki ili ya faiba yachikale, ethanol amasungunula utomoni wake, phala lakelo n'kukatseka kabyuleta. Kunja nako kuli mdani: foam, thovu louma ngati siponji limene opanga maboti ankathira kuzungulira thanki, amasunga madzi, ndipo aluminiyamu yokhala pachinyezi popanda mpweya imabooka timabowo tating'ono ngati ta anankafumbwe m'chimanga. Fungo la petulo m'boti lomwe langoima ndi chizindikiro chokwanira. Thanki yotere sayiika chigamba, amaichotsa.

Pochotsa, amisiriwa anachita zoyenera. Anayamba achotsa batire, n'kupopa petulo yense ndi pampu ya pamanja, kenako n'kusiya boti panja mphepo ikuwomba. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, sikwera kumwamba koma imatsikira pansi pa boti n'kukhala pomwepo, choncho kamoto kamodzi kothetheka pa galainda kakhoza kuphulitsa chilichonse. Pansi popondapo anadula atatsimikiza kuti fungo latha, sowo italowa pang'ono chabe kuti isakhudze thanki kapena nthiti za boti. Foam anamukumba ndi pulasitiki ndi matabwa, osati chitsulo. Mukapita kwina n'kuona mnyamata akuyandikira thanki ya petulo ndi galainda, mulandeni nthawi yomweyo.

Thanki yatsopano ndi imene yatikopa. Anapanga ndi aluminiyamu ya mtundu wa 5052 yokhuthala mamilimita 3, ndipo chidindo cha pachitsulocho anachionetsa asanadule. Funsani zimenezi kulikonse, chifukwa aluminiyamu ya mapoto ndi mawindo siyenera ntchitoyi. Muyeso wake unali masentimita 120 mulitali, 50 mulifupi ndi 25 kuya, zomwe zimapereka malita 150. Petulo wochuluka chonchi amalemera makilogalamu pafupifupi 110, ndipo katundu wotere akamakhuthukira uku ndi uku pa mafunde a mwera amatopetsa mawelodi. N'chifukwa chake m'kati anaikamo zitsulo ziwiri zotchinga, zodulidwa m'makona kuti mafuta azidutsa pansi ndipo mpweya uzidutsa pamwamba. Mabowo onse ali pamwamba pa thanki, pansi palibe chotsekera chilichonse, monga zimafunikira pa thanki ya petulo. Kapaipi kokokera mafuta kanalekezera pafupifupi sentimita imodzi kuchokera pansi kuti kasamayamwe zinyalala.

Kuyesa anachita pamaso pa mwini boti. Anatseka mabowo onse, kupopamo mpweya wa 3 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya, monga wa m'matayala), kupaka thovu la sopo pa mawelodi onse, n'kusiya geji kwa maola angapo. Singano sinatsike. Musalole kuti apope mopitirira apa poganiza kuti akuyesa bwino: thanki ya makona imafufuma ndipo zotchinga za m'kati zimatha kuthothoka.

Tsopano zomwe sizinatisangalatse. Poyalira thanki, iwo anazolowera kudula chubu cha tayala. Mphira wakuda uja ali ndi kaboni, ndipo akanyowa atagundana ndi aluminiyamu amaidya. Chofunika ndi timizere ta pulasitiki yolimba, tokhuthala mamilimita 6, m'lifupi masentimita 5, totalikirana masentimita 30, tomatidwa kuthanki ndi guluu wa polyurethane mosasiya mpata woti madzi alowe pakati. Potero thanki imakhala m'mwamba pang'ono, madzi amadutsa pansi, mpweya umaumitsa. Foam asabwereremo ngakhale atanena kuti amagwira thanki bwino. Malamba omangira nawonso akhale ndi pulasitiki pomwe akhudza chitsulo. Mwini boti atawauza zimenezi anavomera osanyinyirika, ndipo izi n'zoyamikika, koma akanapanda kunena bwenzi chubu chitalowa.

Vuto lachiwiri ndi mapaipi. M'shopumo amasunga mapaipi a petulo a galimoto, ndipo paipi yakale yothirira mafuta amafuna kuisiya ngati ikuoneka yabwino kunja. Mapaipi akale amauma ndi kung'aluka m'kati chifukwa cha ethanol yemweyo, ndipo thanki ikakwiriridwa simudzawafikiranso. Asinthidwe onse atatu: yothirira ya mamilimita 38, yopumira ya mamilimita 16, ndi yopita ku injini ya mamilimita 8 kapena 10 malinga ndi injini yanu. Yopita ku injini ikhale yolembedwa ISO 7840 A1, chizindikiro cha paipi ya mafuta ya m'boti yomwe imapirira moto, ndipo yothirira ikhale A1 kapena A2. Gulani nokha musanapereke boti, chifukwa nthawi zina amachita kuitanitsa ku South Africa ndipo ntchito imaima podikira. Paipi yothirira imangidwe ndi makilampu awiri a stainless mbali iliyonse. Yopumira ikwere mosapindikira pansi, apo ayi petulo amadikha pokhotapo, mpweya sutuluka, ndipo pothira mafuta amakubwererani kumaso.

Zolumikizira za brass zisalowe mwachindunji mu aluminiyamu, pakati pakhale ya stainless. Apa anachita bwino osauzidwa. Valavu yoletsa petulo kudzikoka yekha paipi ikang'ambika anaikanso. Chomwe anaiwala ndi waya wa earth wochokera pakamwa pothirira mafuta kupita kuthanki ndi ku negative ya batire. Wayayu amachotsa magetsi omwe amadzikundikira petulo akamayenda m'paipi, ndipo mukamuyeza ndi mita ya magetsi pasapitirire 1 ohm. Onetsetsaninso kuti choyandama cha m'thanki choyezera kuchuluka kwa mafuta chikugwirizana ndi geji yanu: za ku America zimayenda pa 240 mpaka 33 ohms, za ku Ulaya zambiri pa 10 mpaka 180, ndipo mukasakaniza geji imaonetsa kudzaza pomwe m'thanki mulibe kanthu.

Ntchito ya faiba pobwezera pansi popondapo ndi yapakatikati, yolimba koma yosasalala kwenikweni. Chabwino n'chakuti anasiya zivindikiro ziwiri zotsegula pamwamba pa zolumikizira, kuti makilampu azionedwa chaka ndi chaka. Pa mtengo, apempheni alembe padera chitsulo, kuwotcherera, kuchotsa thanki yakale ndi ntchito ya faiba, chifukwa zowola za pansi zimaoneka akatsegula ndipo mtengo umakwerera pamenepo.

Musanawalole kutseka pansi, auzeni ayesenso 3 psi thanki ili m'malo mwake ndi mapaipi onse atalumikizidwa. Onjezerani sefa yolekanitsa madzi ndi petulo ya 10 micron (muyeso wa kuchepa kwa timabowo take) pakati pa thanki ndi injini. Pothira koyamba yambani ndi malita 20, mununkhize m'zivindikiro zija, ndipo ngati mulibe fungo pitirizani, koma musiye mpata wa malita 7 kapena 8 woti petulo afufumire pa dzuwa la ku Mangochi.