Vinyo wa ku Lebanon amene anafuna kumudikira

Mlamu wanga atabwera kuchokera ku London ndi botolo la Chateau Musar la m'chaka cha 2005, panalibe ndi mmodzi yemwe pakati pa ife amene tinasonkhana ku Kabulonga madzulo amenewo amene anali atamvapo dzinali, pakuti kuno ku Lusaka tinazolowera vinyo wa ku South Africa. Kampani ya vinyo ya Chateau Musar inayambitsidwa ndi Gaston Hochar mu 1930. Mphesa zake zimalimidwa m'chigwa cha Bekaa ku Lebanon, ndipo vinyo wofiirayu, amene ndi msakanizo wa mphesa za mitundu ya Cabernet Sauvignon, Carignan ndi Cinsault, sagulitsidwa mpaka patapita zaka 7 chikololereni mphesazo.

Unali mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha kwambiri, choncho tinayamba taviika botololo m'madzi ozizira kwa kanthawi. Popeza vinyoyu sasefedwa, pansi pa botolo panali nsenga zambiri, ndipo tinamutsanulira m'jagi pang'onopang'ono kuti zisavunduke.

Kunena zoona, tambula yoyamba inandikhumudwitsa. Fungo lake linali lowawasa ngati viniga, losakanikirana ndi kafungo ka m'khola, moti mkazi wanga anafunsa mwaulemu kuti, “Alamu, kodi ameneyu sanawonongeke pa ulendo?” Iwo anangoseka n'kutiuza kuti tiyambe tadya.

Patatha ola limodzi, vinyo uja anali atasinthiratu. Kuwawasa kunachepa n'kutsala kofanana ndi kwa bwemba, ndipo pambuyo pake panatuluka kukoma kwa masawu ouma, fungo la fodya wopachikidwa m'chigafa, ndiponso lija la dothi limene lalandira mvula yoyamba. Mtundu wake sunalinso wofiira kwambiri, koma m'mbali mwa tambula unkaoneka ngati njerwa yootcha, monga mmene vinyo wokhalitsa amakhalira. Sanali wokhakhala m'kamwa ngakhale pang'ono, ndipo kukoma kwake kunkatsalira kukhosi kwa nthawi yaitali.

Anayenderana bwino ndi nyama ya mbuzi yootcha, koma chikanda chathu cha tsabola chinamuphimba, ndipo kulakwa kumeneko kunali kwathu. Amene amakonda vinyo wotsekemera sangasangalale naye, ndipo sindingamugulire phwando la anthu ambiri. Tambula yomaliza, imene ndinamwa alendo atapita, ndiyo inakoma kuposa zonse.