Seti ya magasiketi a sampu ya Morris Minor: pansi pauma, koma cork anandivuta

Ndadikira miyezi itatu ndisanalembe ndemangayi, chifukwa gasiketi, chotsekera mpata kuti oyilo asadonthe, sitiiyamikira tsiku lomwe taimanga. Imayenera itenthe ndi kuzizira kambirimbiri kaye. Galimoto yanga ndi Morris Minor 1000 ya 1965, ya injini ya A-series ya 1098cc, ndipo kwa nthawi yaitali paliponse pomwe yagona m'mawa ndinkapeza banga la oyilo pansi. Nditapukuta injini yonse n'kuiliza, ndinaona oyilo akuchucha m'mphepete mwa sampu (chibeseni chosungira oyilo pansi pa injini), makamaka chakumbuyo.

Seti yomwe ndinagula ili ndi zidutswa zinayi: magasiketi awiri aatali a m'mbali, ndi timizere tiwiri ta cork (khungwa lofewa la mtengo) tolowa m'malo okhota a kutsogolo ndi kumbuyo, pomwe sampu imakumana ndi ma cap a main bearing, zitsulo zogwira ma bearing momwe shafiti yaikulu ya injini imazungulira. A m'mbaliwo anadulidwa bwino zedi. Mabowo onse anagwirizana ndi mabauti, sindinachite kukuza ngakhale limodzi.

Kuchotsa sampu sikunavute. Ndinaliza injini pang'ono kuti oyilo apyapyale, n'kumukhetsa, galimoto ndinaikhazika pa zoimikira zachitsulo (musalowe pansi itangotsamira jeki, chonde), kenako ndinamasula mabauti n'kusiya awiri kuti isandigwere kumaso. Inali itamamatira, moti ndinachita kuigogoda m'mbali ndi hamala ya labala.

Zomwe ndinapeza m'katimo ndi zimene zinandikhalitsa pansi. Pansi pa sampu panali matope akuda bii, okhuthala pafupifupi chala chimodzi, olimba moti sanatuluke pokhetsa oyilo paja. Matope otere amaunjikana galimoto ikamayenda timaulendo tatifupi injini isanatenthe bwino, chinyezi n'kusakanikirana ndi mwaye komanso oyilo wokalamba. Koma chomwe chinandiwawa mtima ndi sefa ya paipi yokokera oyilo. Munthu wina m'mbuyomu anapaka silikoni wambirimbiri pofuna kuletsa kudontha, ndipo wotsalira anafinyikira m'kati, n'kuduka ngati tinyongolotsi, n'kukakanirira pa sefayo. Injini yonse imamwera pa kasefa kameneka. Kakatsekeka, ma bearing amayenda ouma, ndipo mwini wake amadziwa mochedwa. Ndinachotsa tizidutswato kamodzikamodzi, n'kutsuka sefa ndi palafini mpaka kuwala kumaonekera m'timabowo tonse.

Matope aja ndisanawataye ndinawasungunula ndi palafini m'chibeseni n'kuyendetsamo maginito. Kunamata fumbi lachitsulo losalala lochepa chabe, lomwe pa injini ya zaka zimenezi silodabwitsa. Maginito sakoka mkuwa kapena chitsulo choyera cha ma bearing, choncho ndinayang'ananso ndi tochi ngati muli tonyezimira. Munalibe, mtima unakhala pansi.

Sampu yokhayo ndinaipala ndi kathabwa, kuitsuka kawiri ndi burashi, n'kuiumitsa. Nditaika rula pa milomo yake ndinazindikira chifukwa chenicheni chomwe inkadonthera. Pa bowo lililonse chitsulo chinali chitatukumukira m'mwamba chifukwa cha kumanga mabauti mopitirira muyeso. Sampu imeneyi ndi ya chitsulo chopyapyala, ndiye ukaikakamiza, gasiketi imafinyika pa mabauti pokha, pakati pawo n'kutsala mpata. Ndinatsamiritsa milomoyo pa thabwa lolimba n'kumamenya pang'onopang'ono ndi hamala yaing'ono mpaka rula inagona bwinobwino. Apa ndinatha ola lathunthu, ndipo ndikukhulupirira kuti popanda ntchito imeneyi ngakhale gasiketi yabwino chotani ikanadontha.

Dandaulo langa lili pa cork. Timizere tija tinabwera touma gwa, ndipo nditayesa kupinda kamodzi ndinamva kakuyamba kuthetheka. Ndinativiika m'madzi otentha mpaka tinafewa, n'kutimangirira pa chitini kuti tizolowere kukhota. Tinalinso totalika, ndiye ndinadula ndi lezala, kusiya kansonga kotulukira pang'ono mbali zonse kuti kafinyike pomanga. M'paketi munalibe ngakhale kapepala kofotokoza zimenezi. Munthu amene akuchita ntchitoyi koyamba akhoza kuthyola cork kapena kumudula mofupikitsa, n'kumaganiza kuti seti yonse ndi yachabe. Opanga akanangoikamo mizere iwiri ya malangizo, komanso washa yatsopano ya pa bauti yokhetsera oyilo, yomwe ndinachita kugula padera.

Pomanga ndinamatiza magasiketi a m'mbali ku injini ndi girisi pang'ono kuti asasunthe. Silikoni ndinangodontheza m'makona anayi momwe cork amakumana ndi gasiketi, kwina konse ayi. Mabauti onse ndinayamba kuwalowetsa ndi zala, kenako kumanga kuyambira pakati kupita kunsonga, mbali iyi ndi iyo mosinthana, ndi sipanala yaifupi yogwirira pafupi ndi mutu. Ndinathira oyilo wa 20W-50 ndi fyuluta yatsopano. Patapita sabata ndinabwereza mabauti pang'ono, poti cork amakhazikika akatentha.

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu, imodziyo yapita chifukwa cha cork wouma ndi kusowa kwa malangizo. Amene muli ndi injini ya mtundu uwu, gulani, koma muyambe mwaviika cork musanakhudze bauti iliyonse. Katoni yomwe ndinayala pansi pa injini usiku woyamba ndimaiyang'anabe m'mawa uliwonse, ndipo chakumbuyo kuja, komwe kunkachucha, ndimapisako chala n'kutuluka chouma.