Kukuta boti lakale ndi faiba: ntchito ya amisiri a kugombe ikuyenda pati, ikulakwika pati

M'magombe a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota muli maboti a matabwa amene eni ake anamwalira kapena anakalamba, ndipo akhala pamchenga zaka zingapo. Ana akafuna kulibwezera m'madzi boti la bambo awo, amisiri ambiri masiku ano amawauza chinthu chimodzi: tilikute ndi faiba. Faiba ndi nsalu ya ulusi wa galasi imene amaimata pa matabwa ndi mankhwala amadzimadzi ouma gwa otchedwa rezini. Ntchito imeneyi ndi yoyenera ndalama zake, koma pokhapokha mmisiri atayamba wachotsa thabwa lililonse lowola ndi kuumitsa botilo. Apa ndi pamene ambiri akuperewera.

Pa ntchito ya matabwa, amisiriwa ndi akatswiri. Amakhota thabwa ndi maso, popanda pulani ya papepala, ndipo nthiti yatsopano imalowa pamalo pa yakale ngati inabadwira pomwepo. Wodziwa ntchito amayamba ndi kugogoda boti lonse ndi hamala. Thabwa lamoyo limalira mokweza, lowola limangoti phi. Kenako amabaya ndi sikuludalaiva m'malo atatu amene amayamba kuwola: pamsana wa boti pamene madzi a mvula ankadikha, m'munsi mwa nthiti, ndi pathabwa la kumbuyo lonyamula injini. Chitsulocho chikalowa ndi dzanja lokha, nkutuluka ndi tizinyenyeswa tonyowa tonunkha nkhungu, thabwalo lapita ngakhale penti yake ikuoneka bwino. Madzi opanda mchere amawoletsa mtengo msanga kuposa a mchere, ndipo boti logona pamchenga limakumananso ndi chiswe chapansi.

Thabwa la kumbuyo musalinyengerere. Injini ya Yamaha Enduro ya mahosipawa 15 imalemera makilogalamu oposa 30, ya 40 imaposa 60, ndipo kulemera konseko pamodzi ndi kunjenjemera kumathera pa thabwa limodzi. Mmisiri akati angolimata chigamba, kanani. Lichoke lonse, lilowe la mlombwa kapena mbawa, ndipo limangidwe ndi mabawuti osachita dzimbiri. Paini ndi wotchipa komanso wopepuka, angathe kulowa m'mbali pamwamba pa madzi, koma pansi ndi kumbuyo sakhalitsa. Mlombwa ndi mbawa ikusowa ndipo ndi mitengo yotetezedwa, choncho gulani kwa amene ali ndi chilolezo cha a zankhalango.

Misomali nayo ndi nkhani. Misomali wamba ya denga kapena ya mipando imachita dzimbiri mkati mwa thabwa, nkusiya bowo lakuda lozungulira, ndipo madzi amayambira pomwepo. Funsani kuti muione misomali isanakhomedwe.

Tsono faibayo. Cholakwika chachikulu ndi changu. Boti limene lakhala likumwa mvula liyenera kutembenuzidwa, kukwezedwa pa zipika kuti mphepo izidutsa pansi, nkukhala pamthunzi masabata angapo. Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi yake: mwera watha, mvula isanayambe. Rezini sagwira pa thabwa lonyowa. Sagwiranso pa phula, pa penti yakale, kapena pamene panatayikira oyilo wa injini. Maboti akale ambiri anamatidwa phula ndi thonje m'mipata, ndipo phula lonselo liyenera kupalidwa mpaka mtengo uoneke woyera. Ndi ntchito yotopetsa ya masiku awiri kapena atatu, nchifukwa chake ena amaidumpha. Zotsatira zake zimaoneka miyezi ingapo ikadutsa: faiba imafufuma ngati chithuza, mukadina ndi chala imabonyoka, ndipo kuseri kwake madzi atsekeredwa. Zikatero thabwa limawola msanga kuposa mmene likanawolera popanda faiba, mwini wake osaona kanthu mpaka tsiku limene mafunde adzalimenye.

Miyeso yake ndi iyi. Nsalu ya faiba yolemera magalamu 450 pa sikweya mita imamwa pafupifupi kilogalamu imodzi ya rezini pa sikweya mita iliyonse. Boti la mamita 7 lili ndi masikweya mita pafupifupi 15 kunja kwake, ndiye kukuta kawiri kumafuna masikweya mita 30 a nsalu ndi rezini woposerapo makilogalamu 30. Mmisiri akakulemberani makilogalamu 10 pa boti lotere, dziwani kuti akufuna kukuta kamodzi, mwina pansi pokha. Hardener, mankhwala oumitsa rezini, amathira mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu ya rezini. Pa kutentha kwa Okutobala kugombe, 10 ndi wokwanira, ndipo mmisiri asakanize theka la kilogalamu nthawi imodzi, m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Ambiri amathira ndi maso kuchokera m'botolo. Akachulutsa, rezini amatentha m'chitini nkuuma asanapakidwe, ndipo wopakidwayo amakhala wosachedwa kusweka. Akachepetsa, amakhala wonata masiku ambiri. Kuyeza hardener ndi jakisoni wa pulasitiki wa ku famase kumathetsa vuto lonseli. Nsalu yonyowa bwino imaoneka ngati galasi, mtengo ukuonekera pansi pake. Paliponse poyera mbuu pali mpweya, ndipo pafunika kupalanso.

Chinanso chimene amisiri abwino amachita: sakuta mkati monse. Matabwa amatupa ndi kufota malinga ndi chinyezi, ndipo akatsekeredwa mbali zonse alibe popumira. Kunja faiba, mkati penti, ndi mipata pansi pa nthiti kuti madzi azitsikira malo amodzi pokapa.

Kodi boti lililonse ndi loyenera kuukitsa? Ngati msana wake wawola kuposa theka, kapena nthiti zambiri zikufunika kusintha, mukhala mukupanga boti latsopano pa mtengo wokwera, ndipo mmisiri woona mtima amanena zimenezi tsiku loyamba. Apo ndi bwino kupulumutsa matabwa amoyo, mipando ndi dzina lolembedwa kutsogolo, nkuzilowetsa m'boti latsopano. Boti lophera nsomba ndi khoka la chilimira limanyamula anthu ambiri usiku, kutali ndi gombe, ndipo chikondi cha pa bambo sichingatseke bowo.

Pa malipiro, gawani patatu: akamaliza kupala ndi kuchotsa zowola, akamaliza matabwa, ndi boti likayesedwa. Gawo loyambalo mukhalepo inu eni ake, chifukwa faiba ikangopakidwa simudzaonanso zapansi pake. Poyesa, liikeni m'madzi osaya usiku wonse litanyamula matumba a mchenga, m'mawa muone madzi alowa ochuluka bwanji komanso alowera pati. Ndipo musanagule ngakhale msomali umodzi, khalani pansi ndi abale ndi a komiti ya pagombe, a BVC, kuti zidziwike kuti botilo ndi la ndani tsopano. Boti lowola palibe amalifuna, koma likangopakidwa penti eni ake amachuluka.